Tayala lotchipa ndi katapila

Tsiku lomwe ndimabwerera kusukulu semesita yathayi, tayala lakumbuyo la galimoto ya mayi anga linaphulika titangodutsa pa Liwonde, tikuyamba kukwera zitunda za ku Machinga. M'galimotomo tinalimo anthu anayi: achimwene anga pachiwongolero, mayi pampando wakutsogolo, ine ndi msuweni wanga kumbuyo. Munalinso thumba la ufa, chikwama changa, ndowa, ndi makatoni a sopo omwe mayi amakasiya kwa kasitomala wawo ku Zomba. Ndinangomva kuti phuu! ngati mfuti, kenako galimoto inayamba kupukusa mchira ngati mlamba. Achimwene sanaponde buleki. Anangogwira chiwongolero zolimba n'kuisiya kuti ichepetse liwiro yokha mpaka tinakaima kumbali, matayala awiri ali pa udzu. Lole yomwe imachokera kutsogolo inatidutsa ikuliza hutala. Palibe anavulala, koma mayi anakhala chete kwa kanthawi, manja ali pachifuwa, asanatsegule chitseko.

Tayalalo linali lisanathe mwezi chiligulireni. Linali la kaunjika, la kampani yotchuka, lakuda bii, mizere yake yooneka yakuya. Achimwene analigula pa theka la mtengo wa latsopano, ndipo tsiku lomwe anabwera nalo kunyumba tonse tinawayamikira kuti amadziwa kunenerera. Titaika sipeya n'kuyenda pang'ono, tinaima kwa bambo ena omata matayala m'mbali mwa msewu kuti ationjezere mpweya. Bambowo anatenga lophulikalo, n'kupukuta m'mbali mwake ndi chala, n'kundionetsa manambala anayi omwe anali m'kabokosi kakang'ono: 1413. "Asisi, inu ndinu a sukulu, tawerengani apa," anatero. Ine ndinangowerenga ngati nambala ya foni. Iwo anaseka. "Sabata ya 14, chaka cha 2013. Ndi pomwe linabadwa limeneli." Ndinawerengera mumtima kuti nthawi imeneyo ndinali Sitandade 5.

Ndimaphunzira mbiri ndi filosofi, ndiye mwina mukudabwa kuti za matayala zandilowa bwanji. Sienta ija ndi yomwe imandilipirira fizi. Imanyamula katundu wa golosale ya mayi ku Balaka, imapita pa hayala kumaliro ndi kuzinkhoswe, ndipo ikaima sabata imodzi, ine kuno ndimayamba kudya kamodzi patsiku. Mantha atatha tsiku lija, chomwe chinatsala ndi manyazi. Ndatha zaka zitatu ndikuphunzitsidwa kuti ndikagwira cholemba chakale ndizifunsa kuti analemba ndani, analemba liti, analembera ndani. Koma zolemba zomwe zinali pa chinthu chonyamula moyo wanga ndinalephera kuziwerenga, mpaka anandiwerengera munthu yemwe ofesi yake ndi patsinde pa mtengo wa mango.

Maganizo anga ndi awa. Tayala lotchipa, makamaka la kaunjika logulidwa osaliwerenga, ndi katapila. Umapuma lero, mawa n'kudzabweza kawiri, ndipo chikole chake ndi anthu omwe wakweza. Chachiwiri, mtengo weniweni wa tayala ndi ndalama yonse yomwe yatuluka m'thumba pofika nthawi yomwe galimoto ikutsika pa jeke. Wa pachikwangwani uja ndi nyambo chabe. Ndiyesa kufotokoza chifukwa chake, komanso kuyankha omwe sagwirizana nane, chifukwa awiri mwa iwo ndimadya nawo mbale imodzi.

Tiyambe ndi kuwerenga. Saizi ya matayala a Sienta ya mayi ndi 175/70 R14 84S. Nambala yoyamba, 175, ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 70, ikunena za kutalika kwa khoma lam'mbali: ndi magawo 70 pa 100 a mulifupi muja, kutanthauza mamilimita pafupifupi 122. Chilembo R chikuimira kapangidwe ka mkati kotchedwa radial, komwe kampani ya Michelin inatulukira mu 1946 ndipo lero ndi komwe kali pa galimoto zing'onozing'ono pafupifupi zonse. 14 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Saizi yoyenera galimoto yanu simufunika kukaifunsa kwa wogulitsa. Imalembedwa pa kapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, limodzi ndi mpweya woyenera kupopa. Onani pamenepo m'malo mongokopera pa tayala lomwe lilipo, chifukwa mwini wake wakale mwina anangoikapo lomwe analipeza tsiku lomwe zinamuvuta.

Mbali yomwe ambirife timaidumpha ndi yomaliza ija, 84S. Nambalayo imanena kulemera komwe tayala limodzi lingasenze. 84 ndi makilogalamu 500, 82 ndi 475, 88 ndi 560, pomwe 91 ndi 615. Chilembocho chimanena liwiro lomwe tayala lingapirire: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210. Za liwirozo sizitivuta kwenikweni, misewu yathu imatiletsa yokha. Vuto lili pa kulemera. Sienta inapangidwira anthu 7, koma ndani wa ife sanakwerepo Sienta yomwe munali anthu 10 ndi matumba kumbuyo? Mukagula tayala la 82 m'malo mwa 84 chifukwa latsikirako mtengo, mwachotsa makilogalamu 25 pa tayala lililonse. Pa matayala anayi ndi makilogalamu 100, matumba awiri a chimanga. N'chifukwa chakenso matayala a minibasi ndi galimoto zina zonyamula katundu amakhala ndi chilembo C kapena LT, kusonyeza kuti makoma ake ndi olimbitsidwa. Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa minibasi n'kusenzetsa mwana mtolo wa munthu wamkulu.

Tsiku lobadwa la tayala mumalipeza kumapeto kwa mndandanda wa zilembo ndi manambala womwe nthawi zambiri umayamba ndi DOT. Kuyambira chaka cha 2000 manambala ake amakhala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Nthawi zina amalembedwa mbali imodzi yokha, ndiye musachite ulesi kulitembenuza. Rabala imakalamba ngakhale isakuyenda. Imauma, imachita timing'alu, ndipo nsalu ndi mawaya amkati zimayamba kulekana nayo. Dzuwa ndi kutentha zimafulumizitsa zimenezi. A Michelin omwewo amalangiza kuti tayala likakwana zaka 5 likugwira ntchito lizionedwa ndi wodziwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 chilipangireni lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, sipeya yemwe. Makampani ena opanga galimoto amaika malire pa zaka 6. Lathu lija linali litadutsa kale malire onsewa, koma polishi anali ataliphimba nkhope. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mizere ija ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa madzi. Gawo la tayala lomwe limakhudza msewu ndi lalikulu ngati chikhatho chanu basi, ndipo galimoto yonse, buleki ndi chiwongolero chomwe, zimadalira zikhatho zinayi zimenezi. Pa msewu wouma tayala losalala likhoza kukunamizani kuti lili bwino. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amasowa kothawira, amalowa pakati pa tayala ndi phula, galimoto n'kuyamba kuyandama. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mizere yakuya mamilimita pafupifupi 8. Mkati mwa mizereyo muli timilatho topingasa totalika mamilimita 1.6, ndipo m'mbali mumakhala kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo TWI zolozera pomwe tili. Timilathoto tikafanana ndi pamwamba pa tayala, ndiye kuti latha. Ku Britain, ku mayiko a European Union ndi ku Japan, 1.6 ndiye malire a lamulo. Chenjeraninso ndi matayala osemedwa, omwe anthu amawakumba mizere yatsopano ndi mpeni wamoto. Pa matayala ena a malole olembedwa Regroovable zimenezi n'zololedwa chifukwa anawasiyira rabala yokwanira. La galimoto yaing'ono lilibe rabala yotero, ndipo mpeni umakafika pafupi ndi mawaya.

Pali chinanso chomwe sindinkachidziwa n'komwe. Galimoto zambiri zomwe tili nazo zinachokera ku Japan, zina kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, ndipo matayala ambiri a kaunjika amachokeranso kumayiko ozizira. Kumeneko kuli matayala apadera oyendera pa chipale chofewa. A ku Japan amalembedwa kuti Studless, ndipo ambiri amakhala ndi kachithunzi ka phiri lokhala ndi chipale mkati. Mumawazindikiranso ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota pamwamba pake. Rabala yake ndi yofewa dala kuti isaume pa chisanu. Ku Japan, tayala lotere likatha theka silionedwanso ngati loyenera pa chipale, ndiye mwini wake amalichotsa mizere idakali yooneka bwino. Likafika kuno timaligula mokondwa chifukwa cha mizereyo. Koma rabala yopangidwira chisanu mukaiyendetsa pa phula la ku Chikwawa mu Okutobala imatha msanga, ndipo pa msewu wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Titafika kunyumba ndinazungulira Sienta ija ndi tochi ya foni. Awiri mwa matayala atatu otsalawo anali a Studless.

Tsopano masamu, omwe ngakhale ife a mbiri timawatha. Manambala ndikuikawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya lero. Tinene kuti latsopano ndi K100,000 ndipo la kaunjika ndi K50,000. Latsopano lili ndi mamilimita 8. Tikachotsa 1.6 omwe sitiyenera kuwagwiritsa ntchito, tatsala ndi 6.4. La kaunjika, tinene kuti lili ndi mamilimita 4, omwe m'maso amaonekabe abwino. Tikachotsa 1.6 tatsala ndi 2.4. Pa latsopano, milimita iliyonse mwaigula K15,625. Pa la kaunjika mwaigula K20,833. Kuti muyende mtunda womwe latsopano limodzi lingayende, mufunika a kaunjika pafupifupi atatu, ndipo ulendo uliwonse mulipira woika, mutaya tsiku la ntchito, komanso mutchova juga pa mbiri ya tayala lomwe simukulidziwa. Uyu ndiye katapila ndikunenayu.

Wotsutsa woyamba anali mayi anga. Nditawaonetsa masamuwa pa pepala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, iwe ukuwerenga mamilimita, ine ndikuwerenga zomwe zili m'chikwamamu." Sanalakwe. Ku Nkhata Bay kuli esiteti ya Vizara komwe amalima mitengo ya rabala, koma matayala omwe timagula amachokera kunja ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chinakwera, pomwe phindu la pa sopo ndi mchere silinakwere chimodzimodzi. Wopita kwa wakatapila amadziwa bwino kuti chiwongoladzanja n'chachikulu. Amapitabe chifukwa mwana wadwala lero. Choncho sindikunyoza aliyense wogula kaunjika. Chomwe ndinawauza mayi n'chakuti tayala limasiyana ndi matenda chifukwa limachenjeza miyezi ingapo lisanathe. Ndalama ya mafuta amaipatula pa hayala iliyonse popanda kuganiza kawiri. Ya matayala amaidikira mpaka tsiku la tsoka, ndipo tsiku limenelo munthu sanenerera, amangotenga chomwe chilipo. Tinagwirizana kuti pa hayala iliyonse azipatula kangachepe, ndipo pa ulendo uno anakatenga ngongole ku banki m'khonde yoti tigule awiri atsopano, ena awiriwo atsatire pakatha miyezi itatu.

Wotsutsa wachiwiri anali achimwene. Iwo amati tayala la kaunjika la Bridgestone kapena Michelin limaposa latsopano la dzina lomwe sunalimvepo. Apa pali choonadi ndithu. Tayala la kampani yabwino la zaka ziwiri, lokhala ndi mamilimita 6, lopanda bala, likhoza kukutumikirani bwino kuposa latsopano lopangidwa mwachinyengo. Koma dzina la kampani limangokuuzani komwe tayala linabadwira, silikuuzani zomwe lakumana nazo. Kodi linagundapo mwala? Kodi linayendapo lopanda mpweya mpaka khoma kutekedzeka mkati? Ndiye ngati kaunjika ndi yemwe thumba lanu lingakwanitse, muguleni ngati mukugula mbuzi, osati ngati mukutola mwayi. Onani chaka, lisapitirire zaka 5. Yezani mizere pamalo angapo, mkati ndi kunja komwe. Lioneni lisanalowe pa rimu, mupisemo dzanja, mufufuze zigamba. Chigamba cha pakati pomwe pamaponda msewu, chomatidwa bwino kuchokera mkati, chikhoza kupirira. Cha pakhoma kapena paphewa ayi, chifukwa pamenepo tayala limapindika nthawi iliyonse likazungulira. Chotupa chilichonse pakhoma ndi chizindikiro choti nsalu zamkati zaduka. Wogulitsa akakana kuti muone zonsezi, wakuyankhani kale.

Mnzanga wina wa m'kalasi anabweretsa mfundo yachitatu: maenje. Iye amati kugula tayala lodula pa misewu yathu n'kutaya ndalama, chifukwa dzenje silifunsa risiti. Zoonadi, latsopano nalo limang'ambika. Koma rabala youma ndi nsalu zotopa zimagonja msanga pa dzenje lomwelo. Maenje akutiphunzitsa kusankha mwanzeru, sakutipatsa chilolezo chogula chilichonse. Anyamata ambiri kuno amalota marimu akuluakulu onyezimira okhala ndi matayala opyapyala. Khoma likafupika, chotchinga pakati pa rimu ndi mphepete mwa dzenje chimachepa, ndipo mumataya tayala ndi rimu nthawi imodzi. Pa msewu wa kwathu, khoma lalitali la 70 lija ndi bwenzi.

Pa holide mayi anatituma ku Blantyre, ine ndi achimwene. Tisananyamuke ndinatumiza saizi yonse, mpaka 84S, pa WhatsApp ku mashopu atatu. Ya mtengo wotsika kwambiri ndi yomwe tinayambira. Titafika zinapezeka kuti mtengowo unali wa tayala lokha. Kuika kulipira padera, vavu padera, balancing padera, ndipo alignment sachita n'komwe. Shopu yachiwiri inali ndi mtengo wokomanso, koma mnyamata atatulutsa matayala m'sitolo ndinaona kuti anapangidwa zaka zinayi zapitazo, ngakhale anali asanayendepo. Nthawi yonseyi wogulitsa amalankhula ndi achimwene okha, "Bwana, awa ndi olimba, tengani." Nditafunsa ngati angatsitse mtengo poti matayalawo akhalitsa, anatembenuka n'kufunsa achimwene kuti, "Asisiwa amagwira ntchito ya matayala?" Sanatsitse, ifenso sitinagule. Shopu yachitatu ndi yomwe inali yodula pa uthenga wa pafoni. Koma mtengo wake unaphatikiza kuika, mavavu atsopano ndi balancing, ndipo alignment anatichotserako theka poti tagula awiri. Titaphatikiza zonse, yodula ija ndi yomwe inatchipa.

Funso lomwe linatipulumutsa ndi limodzi, ndipo ndikukupatsani kwaulere: "Zonse pamodzi, galimoto kutsika pa jeke, ndi zingati?" Lifunseni musanatsike m'galimoto, ndipo yankho lake akulembereni. Safunsa anadya phula.

Zinthu zitatu zija si zokongoletsa risiti. Vavu ndi kachinthu ka rabala kopoperapo mpweya, ndipo imakalamba limodzi ndi tayala. Kusiya yakale pa tayala latsopano n'kusoka chigamba chakutha pa malaya atsopano, mudzangodabwa mpweya ukuchepa sabata iliyonse. Balancing ndi kuzungulitsa tayala pa makina n'kumata tizitsulo pa rimu kuti kulemera kufanane mbali zonse. Ikapanda kuchitika, chiwongolero chimanjenjemera mukathamanga, ndipo tayala limatha mwa zigawozigawo. Alignment ndi kuwongola miyendo ya galimoto kuti matayala aloze komwe ayenera kuloza. Ngati lakale linatha mbali imodzi, kapena galimoto imakokera kumanzere mukasiya chiwongolero, ndiye kuti miyendo yapotoka, ndipo latsopano lidzatha chimodzimodzi m'miyezi yochepa. Funsaninso ngati makaniko aona zitsulo za miyendo, chifukwa alignment pa mabushi akutha sikhalitsa.

Mkangano waukulu unabuka pa funso loti awiri atsopanowo apite kuti. Achimwene amafuna kutsogolo, poti ndi komwe kuli injini ndi chiwongolero. Anthu ambiri amaganiza choncho, ine ndemwe ndinkaganiza choncho. Koma opanga matayala amalangiza kuti mukagula awiri okha, apite kumbuyo, ngakhale pa galimoto yokoka ndi miyendo yakutsogolo. Matayala akutsogolo akaterereka, dalaivala amamva m'manja, amachotsa phazi pa mafuta, galimoto n'kubwerera m'njira. Akumbuyo akaterereka, mchira umapita kwina, galimoto n'kuzungulira, ndipo ndi madalaivala ochepa omwe angaigwire. Sindinafunike kulankhula zambiri. Ndinangowafunsa kuti, "Achimwene, mukukumbukira mmene inavinira ku Machinga?" Anakhala chete, kenako anauza mnyamata uja kuti aike kumbuyo. Lamulo lina ndi loti matayala awiri oyang'anizana, kumanja ndi kumanzere, akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi.

Nthawi yoika, musapite kukagula chips. Khalani pomwepo. Onani kuti matayala omwe akuikidwa ndi omwe munawaona aja, chaka chake chomwecho. Ena amakhala ndi muvi ndi mawu akuti Rotation, osonyeza komwe ayenera kuzungulira, ena amalembedwa Outside mbali yoyenera kuyang'ana kunja. Manati amangidwe modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, ndipo amalizidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu. Makina a mpweya aja akamanga okha amatha kumangitsa mpaka tsiku lomwe mudzaphwetse tayala kutchire mudzalephera kumasula. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono, imani muwaonenso. Matayala akale ndi anu, tengani, labwinoko likhoza kukhala sipeya. Pa risiti palembedwe dzina la tayala, saizi ndi tsiku, ndipo ngati akuti pali chitsimikizo, funsani kuti chikukhudza chiyani, chifukwa kawirikawiri chimakhala cha zolakwika za kufakitale, osati za dzenje.

Mukatuluka pageti, ntchito yotsala ndi yotchipa kuposa zonse, koma ndi yomwe timaiiwala. Mpweya uyezedwe kamodzi pamwezi, m'mawa matayala asanatenthe, potsatira kapepala ka pachitseko kaja. Nambala yolembedwa pakhoma la tayala ndi malire a mpweya womwe lingapirire, si yomwe muyenera kupopa. Kumenya tayala ndi phazi sikuyeza. Tayala lochepa mpweya limapindika kwambiri, limatentha, ndipo mukaonjezapo katundu ndi dzuwa la masana mwakonza kale ngozi. Ndikakumbukira ufa, sopo ndi anthu anayi pa tayala la 2013 lomwe palibe analiyeza m'mawa uja, ndimaona kuti tinalipempha zambiri. Pakatha makilomita 8,000 mpaka 10,000 ndi bwino kusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti azitha mofanana, malinga onse akhale abwino. Ndipo ngati sipeya wanu ndi kaja kakang'ono kobwera ndi galimoto za ku Japan, kumbukirani kuti n'kongokufikitsani kwa womata, osapitirira makilomita 80 pa ola.

Ambiri mwa inu mulibe galimoto, inenso ndilibe. Koma tonse timakwera. Semesita iliyonse timadzazana m'maminibasi ndi m'ma Sienta, laputopu pamiyendo, kudalira matayala omwe sitinawayang'ane n'komwe. Timakangana ndi kondakitala pa K500, koma sitiwerama kuona ngati mawaya atulukira. Ndinamvapo dalaivala wina akunyadira kuti amabwereka matayala a mnzake tsiku lokayezetsa galimoto kuti apeze COF, madzulo n'kubweza. Anthu m'galimotomo anaseka, inenso ndinaseka nawo. Pano sindingaseke. Pepala la COF limanena za tsiku lomwe galimoto inayezedwa, pomwe tayala lili pa ntchito tsiku lililonse.

Sindikupempha kuti kaunjika aletsedwe. Kuletsa chinthu chomwe anthu akuchifuna chifukwa cha umphawi kumangochisamutsira kuseri, mtengo n'kukwera. Chomwe ndikanakonda kuona n'chaching'ono. A Malawi Bureau of Standards ndi a Road Traffic atalimbikira zoti aliyense wogulitsa tayala, latsopano kaya lakale, azilemba pa risiti chaka chomwe linapangidwa ndi kuya kwa mizere yake, wogula angadziwe chomwe akulipira. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto zitapatula ola limodzi lophunzitsa kuwerenga khoma la tayala, dalaivala watsopano sangagulitsidwe polishi. Wogulitsa amadziwa zaka za tayala lake. Wogula ndiye sadziwa, ndipo phindu lalikulu la malondawa lagona pa kusadziwako. Kusadziwa kumeneku kukhoza kutha pa mphindi zisanu, monga momwe kunathera kwa ine patsinde pa mango.

Tayala lophulika lija mayi sanalitaye. Analidzaza dothi n'kudzalamo tsabola kuseri kwa golosale, ndipo manambala aja, 1413, akuonekabe. Awiri otsala a Studless anachoka mwezi wathawu, ndalama yake inachokera mu kachitini ka pa hayala kaja. Sabata yatha ndikupita ku Limbe, ndinazungulira minibasi ndisanakwere, ndipo kondakitala anandifunsa ngati ndataya ndalama pansi. Tayala lakumbuyo kumanzere linali ndi chotupa ngati dzira. Ndinamuonetsa, iye anati lakhala choncho kuyambira Khrisimasi ndipo silinavutepo. Ndinadikira ina. Ndinachedwa ndi mphindi 40, ndipo mpando womwe ndinausiya unapeza mwini nthawi yomweyo.